Kompyuta Imene Inakana Mbaŵa

Bambo Overton Chimbalanga anafika ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, mu Febuluwale 2020 ali ndi chikwama chimodzi ndi tikiti yobwerera kwawo mwezi wa Meyi. Akazi awo, Mayi Philomena, anali atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Mwana wawo Nora ataona pa foni mmene kolala ya shati inayambira kuwakulira, anawaumiriza kuti abwere adzapumeko.

Nora anali nesi panyumba ina yosamalira okalamba ku Midland. Mwamuna wake, Dumisani Ngozo wa ku Ntcheu, ankagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya migodi. Ankakhala m'nyumba ya zipinda zitatu kufupi ndi Mirrabooka. Apongozi ndi mkamwini anali atakumanapo katatu kokha: pachinkhoswe, paukwati ndi pamaliro. Ankalemekezana kwambiri moti kucheza kunkawakanika. Wina akalowa pabalaza, mnzake ankadzuka, kupereka moni, n'kukumbukira kuti ali ndi chochita kuchipinda.

Kenaka mliri wa korona unafika. Ndege zinaima, malire anatsekedwa. Ngakhale ndege zitayamba kupezeka mwa apo ndi apo, Nora anakanitsitsa kuti bambo ake, a zaka 71 komanso odwala shuga, akhale maola makumi awiri m'ndege ndi anthu osawadziwa. Iye ankanyamuka m'bandakucha, pobwera n'kuvulira yunifolomu m'galaja, kusamba kaye, ndiye n'kupereka moni. Dumisani anauzidwa kuti azigwirira ntchito kunyumba. Choncho amuna awiri aja anatsala okha m'nyumba tsiku lonse, tsiku lililonse.

“Kodi amuna akowa ntchito yawo ndi yotani kwenikweni?” Bambo Overton anafunsa mwana wawo tsiku lina monong'ona. “Iwe ukupita kumene kuli matenda, iwo ali khale pampando ndi zinthu kumakutu.”

“Amasamalira madetabesi, Ababa.”

“Ndiye chiyani chimenecho?”

“Muwafunse eni ake. Saluma.”

Sanafunse.

Mkuluyu anagwira ntchito ya zankhalango zaka 34, ku Dedza, ku Chikangawa, pomaliza ku Zomba kumene anamanga nyumba. Kwawo ankazindikira mtengo ndi khungwa lokha. Kuno akamayenda m'mawa m'misewu ya ziii, ankangodziwa bulugamu, ndipo bulugamuyo anali ndi abale ake ambirimbiri amene iwo sanawaonepo. Tsiku lina ali panjira anayesa kukumbukira dzina la Chilatini la mpoza. Linakana. Linadzabwera madzulo akutsuka kapu. Anachita mantha kuposa mmene ankaopera korona.

M'mawa mwake anatenga sizasi n'kuyamba kudula makatoni a zakudya zam'mawa kukhala timakadi. Kuseri kwa kakhadi kalikonse ankalemba mtengo umodzi: dzina la Chichewa, la Chiyao kapena Chitumbuka ngati akulidziwa, la Chilatini, kumene anauona, ndi ntchito yake. Makadiwo ankawaika m'mabokosi a nsapato patebulo la kukhonde lakuseri. Nora ankadabwa kuti makatoni m'kabati akutha zakudya zili m'mapepala.

Chakumapeto kwa Meyi kunabwera mphepo yamkuntho. Inafika masana Bambo Overton atalowa kukavala juzi, ndipo inakankha mabokosi onse atatu. Dumisani anali pamsonkhano wa pa kompyuta pamene anaona pawindo timapepala tikuuluka ngati mbalame. Anathamangira panja ndi masokosi okha, n'kupeza apongozi ake akukwawa pa kapinga. Anatola awiriwiri, ena pansi pa galimoto, ena atakanirira kumpanda wa aneba.

Atalowa nawo m'nyumba, Dumisani anayamba kuwayanika patebulo. Anapeza makadi atatu a mlombwa, onse olembedwa zofanana.

“Bambo, awa mwina munabwereza.”

“Sindinabwereze, a Ngozo. Bokosi ili ndi la mayina a Chichewa. Ili ndi la Chilatini. Ili ndi la maboma. Munthu akafuna mitengo ya ku Dedza sangafufuze m'bokosi la mayina. Ndiye mtengo uliwonse ndimaulemba katatu.”

“Nanga mukalakwitsa penapake?”

“Ndimakonza katatu. Nthawi zina ndimaiwala kumodzi, ndiye makadi amatsutsana okhaokha.”

Dumisani anaseka. Aka kanali koyamba kuseka pamaso pa apongozi ake, ndipo nthawi yomweyo anagwira pakamwa.

“Pepani, Bambo, sikuti ndikuseka inu. Kungoti ntchito yanga ndi imeneyitu. Kampani ija inandilembera chimenechi, kuti chinthu chilembedwe kamodzi koma chizipezeka m'njira iliyonse imene munthu wachifunira. Detabesi ndi bokosi la makadi basi, lokhala m'kompyuta, loti mukalifunsa limasanja lokha.”

Bambo Overton anayang'ana makadi onyowa aja, kenaka mkamwini wawo.

“Mphepo simalowamo?”

“Simalowa.”

Loweruka Dumisani anapita ku Malaga, dera lina la mumzindamo, kwa Chisenga, mnzake wa ku Zambia amene ankakonza makompyuta akale m'kashedi kuseri kwa malo ogulitsa matayala. Chisenga anatulutsira kompyuta imodzi pakhomo, naipukuta ndi sanitayiza, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu.

“Ni ya amudala? Tengani iyi. Ni yakudala monga beve, koma siifa. Mukabauze ati Chisenga apeleka moni.”

Lamulungu m'mawa, mapemphero a pa foni atatha, Dumisani anaika kompyutayo m'chipinda chaching'ono chimene ankasungiramo masutikesi. Anali atakonzeka kuchita zonse yekha kuti apongozi angopeza zakupsa. Koma Bambo Overton analowa atavala jekete, kope latsopano kukhwapa, n'kukhala pampando wa kutsogolo kwa kiyibodi.

“Mukandipangira inu, tsiku lodzawonongeka ndidzangoyang'ana kudenga. Inu muzinena, ine ndizilemba.”

Dumisani anatenga mpando wa kukhitchini n'kukhala pambali.

Anayamba ndi kuika Ubuntu kuchokera pa fulashi. Dumisani anafotokoza kuti imeneyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ya banja la Linux, yolembedwa ndi anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuiona mkati ndi kuikonza. Mkuluyo anafunsa kawiri ngati palibe amene adzabwere kudzawafunsa chiphaso. Itafika nthawi yosankha mawu achinsinsi, Dumisani anadzuka n'kuyang'ana kukhoma mpaka anauzidwa kuti atembenuke.

Kenaka anatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo.

“Lembani sudo,” anatero Dumisani, n'kutchula chilembo chimodzichimodzi. “Mawu amenewa ali ngati kugogoda kwa bwana. Mukayamba nawo, kompyuta imadziwa kuti mukufuna kuchita chinthu chachikulu, ndiye imafunsa kaye ngati ndinudi.”

Bambo Overton ankalemba ndi zala ziwiri, mwamphamvu, mmene ankamenyera taipi ya ku ofesi. Kompyuta inafunsa mawu achinsinsi. Analemba, koma pa sikirini sipanaoneke kanthu.

“Yafa.”

“Siinafe, Bambo. Ikubisa dala kuti ine ndisawerenge.”

“Ili ndi mwambo,” anatero mkuluyo.

Lamulo lonse linali sudo apt install postgresql. Atadina batani lalikulu, mizere inayamba kuthamanga kukwera m'mwamba. Bambo Overton anachotsa manja msanga ngati akhudza mbaula. Dumisani anawauza kuti kompyuta ikukatenga pulogalamuyo pa intaneti pamodzi ndi tizidutswa tonse timene imafuna. Itamaliza, anawalembetsa lamulo lina lofunsa ngati seva yadzuka. Panaoneka kadontho kobiriwira.

“Seva ndiye ndani?”

“Ndi pulogalamu imene tangoikayi. Siioneka. Imakhala chete kuseri, kusunga zimene mwaipatsa, kudikira kuti wina afunse.”

“Ngati kalaliki wa kuchipinda cha mafayilo.”

“Eya. Koma uyu sapita kumaliro Lachisanu lililonse.”

Apa anaseka ndi Bambo Overton.

Lamulo lililonse ankalikopera m'kope, pansi pake n'kulemba tanthauzo m'Chichewa. Anadzilembetsa dzina mu seva ija. Anapanga detabesi n'kuitcha mitengo. Chimene chinawavuta masiku oyamba ndi kachizindikiro kotsekera lamulo. Akakaiwala, seva inkangokhala duu, iwonso duu, aliyense kudikira mnzake, mpaka Dumisani podutsa ndi kapu ya tiyi ankaloza ndi chala pamene kankasowa.

Pokonza mizati, kutanthauza mizere yotsika ya tebulo la m'kompyuta losungiramo mitengoyo, ndi pamene anakanganako koyamba. Dumisani anaika mzati umodzi wa dzina la Chichewa.

“Sizingatheke,” anatero Bambo Overton. “Mtengo umodzi ukhoza kukhala ndi mayina asanu. Ku Mulanje atchula mwina, ku Kasungu mwina. Ndiponso dzina limodzi likhoza kukhala la mitengo iwiri yosiyana. Ndinaona munthu atamwetsa mwana khungwa lolakwika chifukwa cha zimenezi.”

Dumisani anatenga pepala n'kujambula mabokosi awiri ndi mzere pakati.

“Ndiye pafunika matebulo awiri. Lina la mitengo, lina la mayina, dzina lililonse liziloza mtengo wake. Bambo, kuntchito kwathu pali anthu a madigiri amene ndimalimbana nawo mwezi wathunthu kuti amvetse zimene mwanenazi.”

Madzulo a tsiku limenelo Nora atatuluka kosamba anapeza pabalaza palibe munthu. Mawu ankamveka kuchipinda cha masutikesi. Anaima pakhomo nthawi ndithu, thaulo kumutu, osafuna kuwadula.

Bambo Overton anayamba kulowetsa makadi motsata alifabeti, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri patsiku. Bwemba, chitimbe, kachere. Atakwanitsa makumi anayi, Dumisani anawaphunzitsa kufunsa. Analemba funso loti seva iwapatse mitengo yonse ya ku Dedza, yosanjidwa ndi mayina a Chilatini. Asanachotse chala pabatani, mndandanda unali utafika kale. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Anafunsanso funso lomwelo kachiwiri kuti aone ngati ingasinthe mawu.

Vuto linabwera sabata yachitatu, atafika pa mbaŵa.

Pa kiyibodi panalibe ŵ. Anadikira mpaka Dumisani atamaliza msonkhano, chifukwa sankagogoda pachitseko chake nthawi ya ntchito. Dumisani anakonza mabatani kuti akadina atatu motsatizana, chilembocho chizituluka ndi kadenga kake. Chinatulukadi. Koma atatumiza, seva inabweza mawu a Chingerezi onena kuti chilembo chimenecho sichili m'gulu la zilembo zimene inauzidwa kusunga.

Dumisani anawerenga uthengawo n'kuzindikira pomwepo chimene chinachitika. Tsiku loika Ubuntu lija, kompyuta itafunsa za chilankhulo ndi zilembo, iye anawauza apongozi asankhe mmene ankasankhira pa makina akale a kuntchito, osaganiza n'komwe. Gulu limenelo linali ndi zilembo za Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani. Cha Chichewa munalibe. Kukonza kwake kunafuna kugwetsa detabesi yonse n'kuimanganso. Foni yake inali ikulira m'thumba, msonkhano wina utayamba kale.

“Tingolemba w wamba, Bambo. Masiku ano ndi ochepa amene amaika kadengako. Aliyense adzadziwa kuti ndi mbawa.”

Bambo Overton anayang'ana sikirini kanthawi.

“Chabwino,” anatero. Anatseka kope, n'kuzimitsa kompyuta mwa dongosolo lake lonse mmene anaphunzirira.

Mawa lake sanalowe m'chipinda chija. Mkuja wakenso ayi. Anabwerera kukhonde, atafunda bulangeti m'miyendo, kuyang'ana mpanda. Moni ankayankha bwinobwino, mwaulemu wonse wakale uja.

Dumisani anamufotokozera Nora ali kukhitchini. Nora anasiya kudula anyezi.

“Munawauza kuti alembe w wamba?”

“Ndi kachilembo kamodzi.”

“Dumi, amayi anaphunzitsa Chichewa ku pulayimale zaka makumi atatu. Ababa ali ku Chikangawa ankawalembera makalata achibwenzi, amayi n'kumawabweza atawachonga ndi bolopeni yofiira. Paliponse pamene anaiwala kadenga, mzere. Makalatawo alipo mpaka lero m'sutikesi ku Zomba. Munthu ameneyo simungamuuze kuti alembe mbawa.”

Loweruka m'mawa Dumisani anapita kukhonde atanyamula makapu awiri. Sanakhale pampando. Ananjuta pambali.

“Bambo, ndinakunamizani pang'ono. Kompyuta ija ilibe mlandu. Ikhoza kusunga ŵ bwinobwino. Ndine ndinakusankhitsani molakwika tsiku loyamba, ndipo nditaona kuti kukonza n'kwautali, ndinachita ulesi. Pepani.”

Mkuluyo anamwako tiyi.

“Kukonza kwake n'kotani?”

“Tigwetse zonse, timangenso.”

“Mitengo 83 ija?”

“Siitayika. Tiyamba taikopera pambali.”

Bambo Overton anapinda bulangeti.

Ntchitoyo inatenga m'mawa wonse. Choyamba analemba lamulo louza seva kuti ikhuthulire zonse zimene inasunga m'fayilo imodzi. Dumisani anawatsegulira fayiloyo kuti aone ndi maso awo: bwemba analipo, kachere analipo, ndi mawu awo onse. Anaikopera pa fulashi. Bambo Overton anapempha fulashi yachiwiri. Imodzi anaika m'thumba la jekete, ina anakaisiya kuchipinda kwawo pansi pa Baibulo. Kenaka anakonza za zilembo, kusankha gulu lotchedwa UTF-8, limene Dumisani anati muli zilembo za pafupifupi zilankhulo zonse zolembedwa.

Linatsala lamulo logwetsa. Analilemba lonse, koma chala chinaima m'mwamba.

“A Ngozo, mukutsimikiza?”

“Ndikutsimikiza, Bambo. Ndikalakwanso apa, makadi onse ndilowetsa ndekha.”

“Ndi zala zanu zothamangazo mudzandiikira zolakwa.” Anadina.

Seva inafufuta zonse m'kuphethira kwa diso. Anamanga yatsopano, kulembetsanso dzina, kupanganso mitengo, n'kuthiramo fayilo ija. Anafunsa kuti mitengo ilimo ingati. Inayankha 83. Ndiye anatenga khadi limene linakhala pamwamba pa bokosi masiku anayi, nalemba pang'onopang'ono, mbaŵa. Seva inalandira osanena kanthu. Anadumpha makadi angapo n'kufufuza muŵanga, kuti aone ngati sinangochita mwangozi. Nawonso unalowa.

“Ndiye kuti Malaŵi yense akhoza kukwanamo,” anatero, akulemba m'kope.

Chaka chinatha. Viza inawonjezeredwa kawiri. Mitengo inapitirira mazana anayi, ndipo makadi anasiya kudulidwa chifukwa mkuluyo tsopano ankalemba molunjika m'kompyuta. Anawonjezera yekha mzati wina umene anautcha ndemanga, wolembamo zilizonse zimene sizinkakwana kwina. Lachisanu lililonse ankakopera zonse pa mafulashi awiri aja popanda wowakumbutsa.

Kumayambiriro kwa Febuluwale 2021 mzinda unatsekedwanso masiku angapo. Kunkatentha koopsa, ndipo kumapiri a kum'mawa kunkayaka moto wolusa, phulusa n'kumagwera pa magalimoto. Sabata imeneyo Nora analandira uthenga pa foni. Sitolo ina imene analowamo pochokera kuntchito munadutsanso munthu amene anapezeka ndi kachilombo, pa ola lomwelo. Anauzidwa kuti akayezetse ndipo adzipatule masiku khumi ndi anayi.

Anadzitsekera kuchipinda chachikulu chokhala ndi bafa lake. Dumisani anasamukira pa sofa. Chakudya ankachisiya pakhomo, kugogoda, n'kuchoka. Zotsatira zoyamba zinabwera zabwino, koma anati ayezetsenso kumapeto. Bambo Overton ankayenda uku ndi uku m'kanjira ka m'nyumba, kuima pafupi ndi chitseko, kufunsa ngati watsokomola. Nora ankayankha kuti ali bwino. Tsiku lachitatu mawu ake anayamba kufupika. Munthu wozolowera kuthamanga ndi odwala tsiku lonse, makoma anayi anamukwana.

“A Ngozo,” anatero mkuluyo pa chakudya chamasana, “munanena kuti seva imayankha aliyense wofunsa. Nora sangafunse ali m'chipindamo? Awerengeko mitengo. Azindikonzera zolakwa.”

“Zingatheke. Pakali pano imangomvera kompyuta yake yomweyo. Pafunika kuiuza kuti izimveranso za m'nyumba muno.”

“Ndikatenge kope.”

Panali mafayilo awiri oti akonze. M'yoyamba anafufuza mzere wonena kumene seva imatchera khutu, n'kuusintha kuti izimva makompyuta ena a pa netiweki ya m'nyumbamo. Yachiwiri inali mndandanda wa ololedwa kulowa. Dumisani anafotokoza kuti mzere uliwonse umanena kuti ndani, alowe mu detabesi iti, kuchokera kuti, ndipo adzitsimikize bwanji. Bambo Overton analemba mzere wa Nora: alowe mu mitengo mokha, kuchokera m'nyumba muno mokha, ndi mawu achinsinsi. Anamulembetsa dzina, n'kuidzutsanso seva kuti iwerenge malamulo atsopanowo. Dumisani anaika pa laputopu ya Nora pulogalamu yoonetsa zamkati ngati tebulo wamba, anaipukuta, n'kuisiya pakhomo pamodzi ndi mbale ya mango.

“Yalowa?” anakuwa Bambo Overton ali m'kanjira.

“Ikungozungulira!” anayankha Nora kuseri kwa chitseko. Patapita kanthawi: “Yakana!”

Dumisani anayamba kuganiza mokweza, koma apongozi ake anali akutembenuza kale masamba a kope. Anaima pa tsamba la mwezi wa Juni.

“Apa munandilembetsa kuti tatseka makomo onse a kompyuta kuti akunja asalowe. Munati mpanda. Khomo la seva tinatsegula?”

Dumisani anagwira kumutu.

“Sitinatsegule.”

“Nambala yake?”

“5432.”

Analemba lamulo lotsegula khomo limenelo kwa a m'nyumba okha. Asanadzuke n'komwe pampando, mawu anamveka kuchokera kuchipinda chachikulu.

“Yalowa! Ababa, yalowa! Iii, zonsezi mwalemba ndinu?”

Nora anayamba ndi kukonza timalakwitso ta kalembedwe. Koma atafika pa mzati wa ndemanga anasiya kukonza. Pa bwemba bambo ake analemba kuti Philomena ankathira m'phala la ana akadwala. Pa chitimbe analemba kuti pansi pa mtengo wotere, pa sukulu ina ku Dedza, ndi pamene anamuona koyamba akuimbitsa ana. Pa msuku analemba kuti ali ndi pakati pa Nora ankadya masuku beseni lathunthu, ndipo iwo ankapalasa njinga mpaka kumsika wa kutali kukawafuna nyengo itatha. Pafupifupi mtengo uliwonse wachitatu unali ndi amayi ake. Chimwalirireni amayiwo, bambo ake anali asanatchulepo dzina limenelo pakamwa.

M'mawa mwake Bambo Overton atatsegula kompyuta anapeza pansi pa ndemanga ya msuku pali mzere watsopano: “N'chifukwa chake ine masuku sindiwafuna. Ndinakhuta ndisanabadwe.” Anaseka okha m'chipindamo mpaka kutsokomola. Anayankha pansi pake.

Zinayenda choncho masiku otsalawo. Pachitseko ankangofunsana za kutentha kwa thupi ndi chakudya. Zina zonse zinkapita m'mitengo. Tsiku lachisanu ndi chinayi Nora anasankha mkuyu, umene unalibe ndemanga, n'kulembapo chimene chinkamudya chaka ndi theka. Amayi ake atagonekedwa m'chipatala, iye anachedwetsa ulendo ndi sabata imodzi kuti apeze womugwirira mashifiti, ndipo ndege yake inatera iwo atatsikira kale kuli chete. Anafunsa ngati amayiwo anamufunsa asanamwalire.

Bambo Overton anakhala kutsogolo kwa funsolo m'mawa wonse. Kenaka anayamba kulemba ndi zala ziwiri zija, ndipo sanadzuke mpaka dzuwa litapendeka. Analemba tsiku lomalizalo lonse, kuyambira phala limene anakana mpaka nyimbo imene anapempha. Analemba kuti anamufunsadi, kawiri, ndipo atauzidwa kuti akubwera Loweruka anati, “Muuzeni asathamange, kumeneko akusamalira amayi a eni ake.” Analemba kuti sanamwalire akudandaula za munthu.

Dumisani ankamva kiyibodi ikulira kuseri kwa khoma. Madzulo anamva mkazi wake akulira kuchipinda, kulira kwautali, kosabisa. Anapita pachitseko.

“Nora, ndiitane dokotala?”

“Ayi. Ndili bwino, Dumi. Ndili bwino zedi. Ababa adya?”

Akanafuna, akanatha kuwerenga zonse. Makina amenewo ankawadziwa kuposa onse m'nyumbamo. Sanatsegule. Anakatenthetsa ndiwo n'kukaitana apongozi ake, amene anatuluka maso ali ofiira n'kunena kuti ndi utsi wa moto wa kumapiri. Dumisani anavomera kuti utsiwo unalidi woipa chaka chimenecho.

Zotsatira zachiwiri zinabweranso zabwino. Nora anatsegula chitseko Lachinayi m'mawa, tsitsi lili nyankhalala, n'kupeza amuna awiri ataima m'kanjira ngati ana asukulu odikira kuyendera kwa ahedi. Anayamba kukumbatira bambo ake. Mkuluyo, amene sankazolowera zokumbatirana, anaimika manja m'mbali kanthawi, kenaka anamugwira kumsana.

Bambo Overton anabwerera ku Malaŵi mu Epulo 2022, atabayitsa katemera katatu. Kompyuta ya Chisenga inali yolemera kukwera nayo ndege, choncho anawapezera laputopu. Anaika okha zonse kuyambira pachiyambi, kope lili pambali, atamuuza Dumisani kuti akatchetche kapinga ndipo asalowe mpaka aitanidwe. Anaitanidwa patatha maola atatu kudzaona mitengo 612 ili m'malo mwake.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina masana, foni ya Dumisani inalira. Ku Zomba kunali kukucha kumene.

“A Ngozo, mwaswera bwanji kumeneko? Nora ali kuntchito? Chabwino, ndimafuna inu. Kuno kuli mnzanga wina, a Rodwell, tinagwira limodzi ntchito ku Chikangawa. Ndinawaonetsa mitengo ija, ndiye akubwera tsiku lililonse ndi laputopu ya mdzukulu wawo. Munthu wabwino, koma ndi wamakani. Akuti mayina ena a Chilatini ndinalakwitsa. Dzulo ndinapita kukaona madzi a tiyi, pobwera ndapeza asintha atatu.”

“Analakwitsa iwo?”

“Awiri analakwitsa. Limodzi anakhoza, koma nkhani si imeneyo. Pali njira yoti munthu aziwerenga kokha, osakhudza kanthu?”

“Ilipo, Bambo. Muwalembetse dzina lawolawo, ndiye muwapatse chilolezo chowerenga basi. Ndi mizere itatu.”

“Ndipo sadziwa kuti ndawamanga manja?”

“Adziwa akadzayesa kusintha.”

Kunamveka kuseka, ndi tambala akulira chapatali.

“Zili bwino. Adzandifunse mwaulemu. Dikirani ndipeze cholembera, muzinena pang'onopang'ono.”